Kaubongo ka Magetsi Koyeza Mvula m'Minda ya Tiyi

Nkhani yathu ya lero ikutitengera m'boma la Thyolo, kudera la Mfumu Khwethemule, kumene zitunda zimakhala zobiriŵira ndi tiyi chaka chonse. Tikamba za tizipangizo ta magetsi tating'onoting'ono timene masiku ano mwana wa sukulu angathe kulumikiza ndi kulamula yekha, ndiponso za ntchito imodzi yofunika imene tizipangizo timeneti tingagwire kumeneko, ndiyo kuyeza mvula. Amene muli ndi pensulo pafupi itengeni, pakuti pali ziŵerengero zingapo zoyenera kulemba.

Chifukwa Chake Tikuyamba ndi Mvula

Tiyi ndi mbewu yodalira madzi. Anayamba kulimidwa ngati mbewu ya malonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo pambuyo pake anafalikira ku Thyolo, kumene esiteti ya Satemwa inayamba m'chaka cha 1923. Kuyambira kale alimi a mbewuyi akhala akudziŵa kuti gawo lalikulu la masamba limathyoledwa m'miyezi ya dzinja, kuchokera mu Disembala kufikira mu Epulo. M'miyezi ya chisanu tiyi amaima, chifukwa nsonga zake zimaleka kukula mphepo ikazizira kufika pansi pa madigiri 13 kapena chapafupi pamenepo. Mu Seputembala ndi Okutobala, dzuŵa likaŵaŵa, mitengo imavutika ndi ludzu, ndipo kukula kwa vutolo kumadalira kuchuluka kwa mvula ya chiperoni imene inagwa mu Juni ndi Julayi. Zambiri mwa izi zinafufuzidwa ndi akatswiri a Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa, m'boma la Mulanje.

Maesiteti aakulu amayeza mvula tsiku ndi tsiku ndi kusunga mabuku ake. Nthambi ya boma yoona za nyengo nayo ili ndi malo ake oyezera, monga ku Bvumbwe. Koma aliyense wokhala m'mapiri a Thyolo akudziŵa kuti mvula ingathe kugwa yamphamvu pa chitunda chimodzi, pamene tsidya lina la dambo anthu akuyanika ufa. Tsono mlimi wamng'ono wa kwa Khwethemule, amene ali ndi kamunda ka tiyi, nthochi zingapo ndi mizere ya chimanga ndi nandolo, kaŵirikaŵiri amangodalira maso ake. Feteleza amene wagula ndi ndalama zoŵaŵa akamthira mvula yamkuntho ili pafupi, amakokoloka kupita kumtsinje. Mbande za tiyi akaziwoka nthaka isanakhute madzi, zimauma. Iye akusoŵa muyeso wa pakhomo pake penipeni.

Kodi Microcontroller N'chiyani?

Chipangizo chimene azungu amachitcha microcontroller ndi kompyuta yathunthu yoikidwa m'kachidutswa kamodzi kakuda, kosaposa chala cha munthu. M'nkhani ino tizikatcha kaubongo. M'kati mwake muli mbali yoŵerengera, malo osungira malangizo, ndi koloko yake. Kunja kuli timiyendo tachitsulo timene timalandira kapena kutulutsa magetsi. Kaubongo kalibe sikirini ngati ya kompyuta ya mu ofesi. Kamapatsidwa ntchito imodzi, ndipo kamaibwereza usana ndi usiku kufikira batire litatha.

Ambiri a inu muli nato kale tiubongo totere m'nyumba mwanu mosadziŵa. Kali mu mita ya magetsi ya ESCOM imene mumalembamo manambala a mayunitsi. Kali m'kabokosi koyang'anira batire la sola, mu sikelo ya manambala, ndiponso mu rimoti ya wailesi yakanema. Makampani a ku America anayamba kugulitsa tizipangizo ta mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1970. Texas Instruments inatulutsa kake kotchedwa TMS1000 m'chaka cha 1974. Kwa zaka zambiri kulamula kaubongo kunali ntchito ya mainjiniya okhala ndi zida zodula. Zinthu zinasintha m'chaka cha 2005 mumzinda wa Ivrea ku Italy, kumene mphunzitsi wina, Massimo Banzi, pamodzi ndi anzake anakonza kabolodi kotchedwa Arduino kuti ophunzira awo, amene sanali mainjiniya, azitha kupanga zinthu zawo. Mapulani a kabolodiko anawapereka poyera kuti aliyense azikopera, ndipo n'chifukwa chake lero kamapezeka pa mtengo wotsika m'maiko ambiri.

Mtundu wodziŵika kwambiri ndi Arduino Uno, umene unatuluka m'chaka cha 2010. Umayenda ndi mavoti 5. Uli ndi timabowo 14 tozindikira ngati magetsi alipo kapena palibe, ndi tina 6 toyeza kuchuluka kwake. Wina ndi ESP32, wa kampani ya Espressif ya ku Shanghai, wa m'chaka cha 2016, umene umayenda ndi mavoti 3.3 ndipo umatha kulankhula ndi foni popanda waya.

Makina alionse opangidwa ndi kaubongo ali ndi mbali zitatu, monga mlonda wa pa esiteti. Mlonda amaona kapena kumva kanthu, amaganiza chochita molingana ndi zimene kapitawo anamuuza, kenaka amaliza wezulo kapena kulemba m'buku. Maso ndi makutu a makina ndiwo masensa, tizipangizo tosandutsa kutentha, chinyezi, kulemera kapena kuŵala kukhala magetsi. Malangizo a kapitawo ndiwo pulogalamu, imene munthu amalemba pa kompyuta ndi kuitumiza m'kaubongo kudzera pa waya wa USB. Wezulo ndiye nyale, belu, kapena uthenga wa pa foni. Kusiyana kwake n'kwakuti mlonda ali ndi nzeru zakezake, pamene kaubongo kamangochita zimene kanauzidwa, ngakhale zitakhala zolakwika.

Kapangidwe ka Choyezera Mvula

Poyamba timvetsane za muyeso. Mukamva pa wailesi kuti kwagwa mvula ya milimita imodzi, ndiye kuti pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pagwa lita imodzi ya madzi. Pa hekitala imodzi ndi malita 10,000, ofanana ndi migolo 50 ya malita 200. Munthu angayeze mvula ndi chitini choongoka m'mbali ndi lula ya kusukulu, ndipo amene alibe china chilichonse ayambe ndi zomwezo. Koma chitini chimangotiuza kuti usiku wonse kwagwa mamilimita 60. Sichitiuza ngati madziwo anagwa pang'onopang'ono kufikira m'bandakucha, nthaka n'kumamwa, kapena ngati anakhuthuka onse m'ola limodzi n'kukokolola munda. Kwa mlimi wa pamalo otsetsereka izi ndi nkhani ziŵiri zosiyana kwambiri, ndipo apa mpamene kaubongo kamathandiza, popeza kamasunga nthaŵi.

Choyezera chake chimapangidwa motere. Pamwamba pamakhala fanulo yolandira mvula. Pansi pa fanuloyo pamakhala kandowa kogaŵidwa paŵiri, kokhazikidwa pa kamtanda kuti kazipendekera uku ndi uku. Madzi akadzaza mbali imodzi, kandowa kamalemerera komweko, kamagwa ndi kutaya madziwo, ndipo mbali inayo imabwera pansi pa fanulo. Pa kandowapo timamatapo kamaginito. Pambali pake timaika kaswitchi kagalasi kotchedwa reed switch, kamene kamatseka maginito akadutsa pafupi. Mawaya aŵiri ochokera ku kaswitchiko amapita ku kaubongo. Kandowa kakagwa kamodzi, kaubongo kamaonjezera chimodzi pa chiŵerengero chake ndi kulemba nthaŵi pa kakhadi kosungira zinthu, konga ka mu foni. Kuti tsiku ndi ola zisasokonezeke batire likachotsedwa, timaonjezerapo kakoloko kokhala ndi kabatire kakekake.

Tsono lembani ziŵerengero izi. Fanulo imene kamwa lake ndi lalikulu masentimita 16 kuchokera mbali ina kufika inzake imalandira mamililita pafupifupi 20 a madzi pa milimita imodzi ya mvula. Zoyezera zambiri zimakonzedwa kuti kandowa kazigwa pa mamilimita 0.2 alionse, kutanthauza kuti ndi fanulo yathuyi kayenera kugwa pa mamililita 4. Tengani sirinji yatsopano ya ku famase, thirani madzi dontho ndi dontho, ndipo sinthani tizomangira timene kandowa kamagwerapo kufikira mbali zonse ziŵiri zikugwa pa mamililita 4. Mukatero thirani mamililita 100 pang'onopang'ono. Kaubongo kayenera kuŵerenga 25, ndiwo mamilimita 5 a mvula.

Pamene Ambiri Amakhumudwira

Kaŵirikaŵiri pa kuyesa koyamba kaubongo sikaŵerenga 25. Kamaŵerenga 60 kapena 70, ndipo wopanga amaganiza kuti anamugulitsa chipangizo chakufa. Chifukwa chake n'china. Tizitsulo ta m'kaswitchi tikamagundana timanjenjemera kwa kanthaŵi kochepa kwambiri, kutseka ndi kutseguka kangapo tisanakhazikike. Diso la munthu silingaone zimenezi, koma kaubongo ka Arduino Uno, kamene koloko yake imagunda ka 16 miliyoni pa sekondi, kamaona kunjenjemera konseko ndi kuŵerenga kulikonse ngati kugwa kwa kandowa. Mankhwala ake ali mu pulogalamu. Timakauza kuti kakaŵerenga kamodzi kasamverenso kaswitchiko kufikira patapita gawo limodzi la magawo khumi a sekondi. Mizere iŵiri kapena itatu ya malangizo imathetsa vutolo.

Vuto lachiŵiri ndi batire. Kabolodi ka Arduino Uno kamadya pafupifupi mamiliampu 50 nthaŵi zonse, ngakhale kunja kulibe mtambo. Batire limodzi la lithium la mtundu wa 18650, longa amene amapezeka m'matochi otchaja, limasunga mamiliampu pafupifupi 2,500 a ola limodzi. Gaŵani 2,500 ndi 50 ndipo mupeza maola 50, masiku aŵiri okha. Wopanga wanzeru amaphunzitsa kaubongo kugona. Kamazimitsa mbali zake zonse, kamadzuka pokhapokha kandowa kakagwa, kamalemba, ndi kugonanso. ESP32 amachita zimenezi bwino, ndipo akamagona amadya magetsi ochepa zedi. Mukaonjezerapo kasola kakang'ono ndi kabolodi kotchajira, makina angathe kutha dzinja lonse osawakhudza batire.

Vuto lachitatu ndi dziko lenilenilo. Chimene chimagwira bwino pa tebulo m'nyumba chimakumana ndi zina kumunda. Chinyezi cha chiperoni chimaloŵa m'bokosi ndi kuchititsa dzimbiri polumikizira mawaya. Nyerere zimamanga m'kati, akangaude amamata kandowa ndi ulusi wawo, masamba a bulugamu amatseka fanulo. Motero ikani kabolodi m'kabokosi ka pulasitiki kotseka bwino, mawaya aloŵere chapansi kuti madzi asatsatire waya, ndipo pakamwa pa fanulo ikanipo kasefa. Choyezeracho chikhale pa mtengo wokhazikika, chosapendekera, pabwalo. Ngati pafupi pali mtengo wotalika mamita 5, chiikeni mamita 10 kapena kuposerapo kuchokera pamtengowo. Loŵeruka lililonse chitsukeni.

Ndipo chitini chija musachitaye. Chiikeni pambali pa makina, muzichiyeza m'maŵa uliwonse pa ola lomwelomwelo ndi kulemba m'kope. Ziŵirizi zikagwirizana kwa mwezi wathunthu, pamenepo mungayambe kukhulupirira makina anu. Zikasiyana, funani chifukwa chake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Manambala oŵala pa kagalasi amakopa anthu kuti awakhulupirire msanga, koma nambala imene sinayerekezedwe ndi muyeso wodziŵika ingasocheretse mlimi koposa maso ake.

Masensa Ena Othandiza Mlimi wa Tiyi

Amene wadziŵa kuŵerenga kugwa kwa kandowa wadziŵa chiyambi cha ntchito zina zambiri. Pali sensa yotchedwa DS18B20 yoyeza kutentha, imene imagulitsidwa itatsekeredwa m'kachitsulo kosaloŵa madzi, kotero ingakwiriridwe m'nthaka ya nazale. Pali ina yotchedwa DHT22 yoyeza kutentha pamodzi ndi chinyezi cha mumpweya. Ziŵirizi ndi zinthu zomwezo zimene a m'fakitale amayang'anira pofwetsa masamba, pakuti tsamba lothyoledwa kumene limakhala ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake, pamene tiyi wouma wa m'paketi amatsala ndi magawo atatu okha mwa 100.

Palinso sensa yoyeza chinyezi cha m'nthaka. Imeneyi imatumiza magetsi ochuluka kapena ochepa molingana ndi madzi, ndipo Arduino Uno amawasandutsa nambala ya pakati pa 0 ndi 1023. Nambalayo payokha ilibe tanthauzo. Muyenera kuiyesa m'dothi louma la m'munda mwanu, kulemba nambala, kuthirira dothilo kufikira litakhuta, ndi kulembanso. Manambala aŵiriwo ndiwo malire anu, ndipo a katondo wa ku Thyolo sangafanane ndi a mchenga wa ku Salima. Pogula sankhani mtundu wokutidwa, wopanda zitsulo zoonekera, chifukwa wa mano aŵiri achitsulo umadyeka msanga m'nthaka yonyowa.

Ena amapanga sikelo ndi kachitsulo kotchedwa load cell kuti adziŵe kulemera kwa masamba awo asanapite nawo kogulitsa. Zimenezo n'zothandiza pa kaundula wa pakhomo. Koma sikelo yogulira ndi kugulitsira iyenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo yopanga nokha singaloŵe m'malo mwake.

Mvula Imene Imapha

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anakhuthula mvula kwa masiku angapo m'chigawo cha kummwera, ndipo Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre anali m'gulu la maboma amene anavutika. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusoŵa. Ambiri anakwiriridwa ndi matope ndi miyala yochokera m'mapiri, chimene makolo athu amachitcha napolo, monga zinachitikiranso ku Phalombe m'chaka cha 1991. Phiri limagumuka nthaka ikakhuta madzi kwa masiku otsatizana kenaka n'kulandiranso mvula yamphamvu. Mudzi umene uli ndi kaundula wa mvula ya masiku atatu apitawo uli ndi chifukwa chooneka chosamutsira ana ndi okalamba kuchoka m'munsi mwa phiri kusanade.

Pa mitsinje amagwiritsa ntchito sensa ina imene imatumiza kamawu kosamveka ndi khutu la munthu, ndi kudikira kuti kabwerere. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Sensa ikamangidwa pansi pa mlatho, kamawuko n'kubwerera patapita gawo limodzi la magawo 100 a sekondi, ndiye kuti kayenda mamita 3.4 kupita ndi kubwera, ndipo madzi ali mamita 1.7 pansi pa mlatho. Mtunda umenewu ukayamba kuchepa mofulumira, kaubongo kangathe kutumiza uthenga pa foni kudzera pa kakhadi ka Airtel kapena TNM kwa anthu a kumunsi kwa mtsinje.

Apa tichenjezane. Makina opanga nokha angafe pa usiku womwewo umene akufunika koposa: batire litha, netiweki igwa, mtsinje utenga sensa. Chenjezo lochokera ku nthambi ya zanyengo ndi ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi likamveka pa wailesi, limvereni, ngakhale kabokosi kanu kali chete.

Chenjezo lina ndi la inu opanga. Magetsi a ESCOM ndi mavoti 230 ndipo amapha. Wophunzira agwire ntchito ndi mabatire okha. Batire la lithium likaboola, likatupa kapena mawaya ake akagundana limayaka moto, choncho lisatchajidwe popanda kabolodi koliteteza. Kukamachita ziphaliŵali musakhudze waya wochokera panja.

Kophunzirira

Mwina wina kwa Khwethemule akufunsa kuti, kodi zimenezi si za ana a m'tauni? Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene analeka sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo opatsa magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zithunzi za m'buku la ku laibulale. Iye analibe kaubongo kalikonse. Ngakhale chozimitsira magetsi akachuluka anachipanga ndi misomali, waya ndi maginito. Mwana wa lero ali ndi zida zimene iye analibe, ndipo pulogalamu yolembera malangizo a Arduino imapezeka ulere pa intaneti.

M'boma la Thyolo lomwelo, ku Ndata, kuli Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014 ndipo imaphunzitsa za uinjiniya, za makompyuta ndi za nyengo. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, kumene amaphunzitsa za magetsi ndi zipangizo zake. Koma chiyambi chili pafupi kuposa pamenepo. Amisiri okonza mafoni ndi mawailesi pa Thyolo boma, pa Luchenza ndi pa Bvumbwe amadziŵa kulumikiza mawaya ndi mtovu ndi kuyeza mavoti. M'mawailesi akufa muli mawaya, maswitchi ndi maginito. Kabolodi kamodzi kangakwanire kalabu ya sayansi ya sukulu yonse.

Inu aphunzitsi, yambani ndi chitini ndi lula dzinja likubwerali, ana azisinthana kulemba. Inu a m'makalabu a alimi a tiyi, mwana akabwera ndi kabokosi kake mupatseni malo pabwalo, ndipo mumufunse funso loyenera: kodi wachiyesa ndi chiyani? Kaundula wa mwezi umodzi sanena zambiri. Wa zaka zisanu adzakuuzani sabata imene mvula yodzalira imakhazikika pa chitunda chanu, kutalika kwa ng'amba ya pakati pa dzinja, ndi kuchuluka kwa mvula imene imadzaza mtsinje wanu.